Tsamba la Khumi ndi Chinayi

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
ndinagulitsa inshuwalansi ya kampani imodzi.
Dzina lawo pachipupa, dzina lawo pabolopeni,
ngakhale moni wanga wa pafoni anali wawo.
Tsopano pakhomo la shopu yakale ya wosoka nsapato,
m'kamsewu ka kuseri kwa banki, kuno ku Nebraska,
mwana wanga Corwin walemba ndi penti yobiriwira:
Darlene Vosberg, Inshuwalansi.
Chilembo chomaliza chapendekera.
Ndamuuza achisiye choncho.

Koma makampani akuluakulu sayankha kalata ya munthu mmodzi.
Amafunsa kuti makasitomala muli nawo angati.
Ine ndili ndi desiki, ketulo,
ndi fungo la chikopa lokana kuchoka.
Lowani kaye m'gulu, amatero, tidzakumvani muli ambiri.
Mutu umodzi susenza denga, ndikudziwa,
koma polowa pansi pa denga la eni
yamba waona kumene kuli khomo.

Magulu atatu anandifuna.
Wa gulu loyamba anabwera yekha, Trent Halloway,
mano mbee ngati mbale za m'sitolo.
Anandigulira nyama yowotcha pamphambano,
n'kutchula makampani makumi anayi
ngati akutchula ana ake.
Yolowera ndi madola zikwi zisanu,
anatero motsitsa mawu, akupukuta pakamwa.
Achiwiri safuna kanthu polowa,
koma komishoni iliyonse adzaibudula m'mphepete
mwezi ndi mwezi, ngati mbewa m'nkhokwe,
ndipo mpaka liti, pepala silinena.
Achitatu ndi kagulu ka ku Omaha,
makampani asanu ndi anayi basi.
Mayi woyankha foni anali ndi chimfine.

Usiku chipale chikuwunjikana pawindo
ndinayala mapepala patebulo la kukhitchini,
mphaka n'kugonera a gulu lachiwiri.
Pa tsamba la khumi ndi chinayi la a Halloway,
m'tizilembo tonga nyerere zofera pamzere,
ndinapeza mawu awa:
ukatuluka, mayina a makasitomala atsala.

Mayina.
Wendell Kucera, amene matalala anamusasantha chimanga
maekala mazana atatu m'mphindi khumi.
Ndinaima naye m'munda, masamba ali nsanzansanza,
iye chipewa kumanja, kukamwa kuli gwa.
Mayi Ortega a galimoto yogulitsira chakudya,
amene amalipira ndi ndalama zonunkhira anyezi,
zopindidwa kanayi.
Anthu amenewa akhale katundu wa munthu
amene sanapondepo matope a kwa Kucera?

Safunsa anadya phula.
Kutacha ndinaimbira Joanne Pruitt wa ku Grand Island,
amene anatuluka m'kagulu ka ku Omaha chaka chatha.
Za mabonasi sindinafunse.
Ndinati, tsiku limene munatsanzika, anakutani?
Anaseka mpaka kutsamwa.
Anandichedwetsa miyezi itatu, anatero,
ndipo makompyuta awo ndi a nthawi ya makolo.
Koma mafayilo anga ndinanyamula onse,
ngakhale ya munthu amene anamwalira kale.

Ndinasaina Lachinayi
ndi bolopeni yogula ndekha.
Dzanja linanjenjemera, sindikana.
Makampani asanu ndi anayi ndi ochepa.
Tsiku lina adzabwera wa ndege yopopera mankhwala m'minda,
ndidzasowa pomuika,
ndidzamulozera khomo la mnzanga mtima ukuwawa.
Lendi ikudikira pa tsiku loyamba la mwezi.
A Halloway atumiza kale mauthenga awiri,
wachiwiri wopanda moni.

Ketulo yayamba kulira.
Kunja wina akupondaponda pansi,
kusasa chipale ku nsapato.
Ndi Kucera, envelopu yothimbirira kukhwapa,
khosi atapendeketsa,
kuwerenga chilembo chomaliza chija.
Walowa, wanunkhiza mpweya kawiri,
wayang'ana desiki, wayang'ana ine.

Akuti, kodi nsapato simusokanso muno?